Kondakitala pa Msewu Wopanda Basi

M'mawa uja Great East Road inagona chagada,
popanda hutala, popanda utsi wa dizilo.
Apolisi anatchinga pomwe ndimakuwira tsiku ndi tsiku:
Chelston! Chelston! Malo awiri!
Zaka zisanu ndi zinayi ndaudziwa msewu uno
theka la thupi lili kunja kwa chitseko,
m'manja mwadzaza ndalama za eni ake.
Koma mapazi anga anali asanaupatseko moni.

Anandibaya nambala pachifuwa ndi mapini anayi,
2317, ngati galimoto yopita kukayezedwa.
Nsapato zinali za pasalaula ku Soweto,
yakumanzere ikuluma kachala kakang'ono.
Pambali panga bwana wina wa kubanki ankawongola miyendo,
wotchi yake ikumuyankhula.
Ine m'mimba munali mabanzi awiri ndi tiyi wopanda mkaka.

Mfuti inalira.
Tinakhuthuka ngati thumba la chimanga long'ambika kunsi,
anthu zikwizikwi, phaphapha pa tala wozizira.

Pa Manda Hill ndinali mphepo.
Yotamu, dalaivala wanga, ali pamlatho wa oyenda pansi
anakuwa: Iwe! Akulipira ndani?
Atitsekera msewu, iwe n'kumathamangitsa mphepo!
Ndinamukwezera chala
monga achitira okwera akafuna kuti tiime.

Koma titayandikira ku yunivesite
mpweya unayamba kundipatsa chenji moumira,
ngwee imodzi,
ngwee imodzi.
Kani pali chitunda apa?
Basi siuza munthu.
Basi imangobuula, iwe n'kumati ndi injini yakalamba.
Ntchafu zinasanduka matayala akuphwa,
m'nthiti munalowa sipanala,
malovu anauma ngati guluu.

Ndiye kunamveka mapazi ofatsa kumbuyo kwanga,
osafulumira, osapempha njira.
Duku lobiriwira. Imvi m'mbali mwa makutu.
Mai Chulu! Aja a tomato a ku Mtendere,
aja ndinawauza tsiku la mvula kuti chenji palibe
chonsecho makwacha awiri ali m'sokosi yanga.
Sanandiyang'ane n'komwe.
Anangonditambasulira chibenthu cha lalanje
n'kunena, mpweya wawo uli myaa:
Usayime, mwanawe. Tsata duku ili.
Chenji changa chija ukandipatsa kumapeto.

Ndinalitsata dukulo
ngati munthu wothamangira basi yomaliza ya usiku.
Ndikuwadziwa anthu amenewo.
Ndimawaona pagalasi akuchepa, akuchepa,
chikwama chikuwamenya pamsana, dzanja lili m'mwamba,
ine n'kumenya denga kawiri: Tiye, Yotamu!
n'kuseka.

Pa Munali tinatembenuka. Dzuwa linatipeza.
Ana a ku Kalingalinga anandandalika m'mphepete
akuwerenga manambala athu mofuula,
wina anati: Uyo ni kondakita! Amusiya!
Makapu a pepala anaphwanyika pansi pa mapazi,
bwana wa kubanki anakhala pamwala, nsapato ili m'manja,
wotchi ikumuyankhulabe.
Kachala kanga kanaleka kulira, kanangofa.

Mzere womaliza sindinauwone bwino.
Ndikukumbuka kapinga kumaso kwanga,
mtsikana akundikoleka mendulo yopepuka ngati chitsekerero cha botolo,
ndi Mai Chulu, ataima chilili, akumanga bwino duku,
chikhatho chili chotambasula.
Ndinavula nsapato, ndinavula sokosi yamagazi.
Munalibe kanthu.
Anaseka mpaka kugwira mawondo.
Lolemba, anatero. Ndimakwera ya sikisi.

Lolemba ndinakwera basi cham'mbali ngati nkhanu,
mendulo ikulira m'thumba pakati pa makobidi.
Makwacha awiri ndinawaika padera.
Pachitunda chija injini inabuula,
ine ndinaimvetsa.
Pagalasi panaoneka bambo wina wa tayi yokhota,
akuthamanga, akuchepa.
Ndinamenya denga kamodzi.
Yotamu anatukwana, koma anaponda buleki.
Tinamudikira.
Anakwera ali wefuwefu, osatha kunena zikomo,
ndipo sindinamufunse ndalama
mpaka mpweya wake utabwerera.